Water pump ndi timing belt: n'chifukwa chiyani zimasinthidwira pamodzi, nanga pampu imabwezeredwa bwanji?

"Bwana, poti tatsegula kale, tisinthiretu ndi water pump yomwe."

Amene anapititsapo galimoto ku galaja kukasinthitsa timing belt mwina anawamvapo mawu amenewa. Amabwera pa nthawi yovuta. Galimoto ili pa jeke, tayala lakutsogolo lachotsedwa, ndalama ya lamba ndi ya ntchito mwaiwerengera kale, ndiye akukuuzani za chipangizo china chomwe sichinakuvutenipo n'kamodzi komwe. Injini sinali kuwira, madzi sanali kutha. Eni galimoto ena amangoti makaniko akufuna kuwadyera. Ena amavomera koma mumtima muli funso. Alipo amene amakana, pampu yakale n'kukhala momwemo, galimoto n'kuyenda zaka popanda vuto. Aliponso amene amakana chimodzimodzi, koma pasanathe miyezi ingapo abwerera pagalaja pomwepo madzi akudontha pansi pa injini.

Onsewa amanena zomwe anaona ndi maso awo. Kuti timvetse chifukwa chake zotsatira zimasiyana chonchi, tiyenera kusuzumira kuseri kwa chivundikiro chapulasitiki chija chomwe chili kumbali kwa injini.

Lamba wamano ndi ntchito yake

Injini ya galimoto ili ndi mitengo iwiri yachitsulo yomwe iyenera kuzungulira mogwirizana. Wam'munsi ndi crankshaft, womwe umazunguliridwa ndi mapisitoni akamakwera ndi kutsika. Wam'mwamba ndi camshaft, womwe umatsegula ndi kutseka mavalavu, tizitseko tolowetsa mpweya ndi kutulutsa utsi. Crankshaft ikazungulira kawiri, camshaft izungulire kamodzi, osapitirira kapena kuperewera. Chomwe chimasunga mgwirizano umenewu ndi timing belt, lamba walabala wolimbitsidwa ndi ulusi mkati, wokhala ndi mano omwe amalumana ndi mano a magudumu ake. Lamba wotereyu anayamba kuoneka m'magalimoto ogulitsidwa kwa anthu mu 1962, pa galimoto ya ku Germany yotchedwa Glas 1004, ndipo anafala chifukwa sachita phokoso, ndi wopepuka komanso safuna oyilo.

Injini ikamathamanga kuzungulira 3,000 pa mphindi, valavu iliyonse imatseguka ndi kutseka ka 25 pa sekondi imodzi. Pa liwiro lotere, kuphonya pang'ono kokha n'kokwanira kubweretsa tsoka. Amayi awiri akamasinja mumtondo umodzi, minsi iwiri imalowa malo amodzi koma sigundana, chifukwa wina akamatsitsa mnzake amakhala atakweza. M'injini zambiri pisitoni ndi valavu zimachita chimodzimodzi: pomwe valavu imafika ikatseguka ndi pomwenso pisitoni imafika ikakwera, kungoti zimasiyana nthawi. Injini zotere amazitcha interference. Lamba akaduka kapena akalumpha mano, camshaft imaima mavalavu ena ali otseguka, mapisitoni akadali kuthamanga, n'kuwamenya. Mavalavu amapindika, nthawi zina pisitoni kapena hedi, mutu wa injini momwe muli mavalavu, n'kuwonongeka. Injini za dizilo pafupifupi zonse zili m'gulu limeneli. Injini zina zapetulo zili ndi mpata wokwanira, moti lamba akaduka galimoto imangozima n'kuima pamsewu, koma mkati osaphwanyika.

N'chifukwa chake lamba ameneyu sadikiridwa kuti aduke. Amasinthidwa potengera makilomita kapena zaka. Pa magalimoto ambiri a ku Japan mlingo wake ndi makilomita 100,000, ndipo opanga ambiri amaikanso malire a zaka, poti labala amakalamba ngakhale galimoto itangokhala pakhomo.

Pampu ilowa bwanji m'nkhaniyi?

Water pump ndi pampu yoyendetsa madzi oziziritsa injini. Imawakoka kuchokera ku radiyeta, n'kuwakankhira m'tinjira ta mkati mwa buloko, thupi la injini, ndi hedi, komwe amatenga kutentha n'kubwerera kukazizira. Kapangidwe kake n'kosavuta. Pali kamtengo kachitsulo kodutsa pakati. Kunsonga yamkati kuli impeller, kagudumu kamapiko komwe kamavundula madzi. Kunsonga yakunja kuli pulley, gudumu lomwe lamba amadutsapo. Pakati pali bearing yonyamula kamtengoko, ndi seal yotchinga madzi kuti asafike ku bearing. Kunsi kwa thupi la pampu kuli kabowo kakang'ono komwe opanga anakaika dala: seal ikayamba kutopa, madzi amatulukira pamenepo m'malo molowa mu bearing.

Pampu payokha siyenda. Iyenera kuzunguliridwa ndi china chake, ndipo opanga injini ambiri anaona kuti lamba wa timing akudutsa kale pafupi, n'kungoikoloweka pomwepo. Zinachepetsa kukula kwa injini, koma zinamanga zinthu ziwirizi pachingwe chimodzi. Pampu yasanduka gawo la njira yomwe lamba amayendamo.

Ndiye vuto la pampu limakhala vuto la lamba. Bearing ikayamba kugwedera, pulley imapendekeka ndipo lamba amayenda mokhota, n'kumadyeka m'mbali. Bearing ikagwira n'kuima, lamba amakokedwa pagudumu losayenda, mano n'kuthothoka kapena lambayo n'kuduka. Seal ikachucha, madzi amagwera palamba n'kumufewetsa pang'onopang'ono. Zonsezi zimachitikira kuseri kwa chivundikiro, komwe dalaivala saona akatsegula boneti.

Mbali ina ndi ya ntchito. Kuti mufike papampu yotereyi, muyenera kuchotsa zonse zomwe mumachotsa posintha lamba: malamba akunja, pulley yaikulu ya crankshaft, zivundikiro, ndipo pa injini zogona chopingasa nthawi zambiri ndi mounting yomwe, chija chomangirira injini kuthupi la galimoto, injini itachirikizidwa ndi jeke. Lamba akachoka, pampu imakhala yatsala ndi mabawuti ochepa chabe. Kuisintha tsiku lomwelo kumawonjezera ntchito yochepa. Kuisintha patapita miyezi isanu ndi umodzi ndi kulipiranso ntchito yonse kuyambira pachiyambi.

Si galimoto iliyonse

Apa ndi pomwe pamakhala chisokonezo chachikulu, ndipo n'kofunika kuti mwini galimoto adziwe injini yake asanatsutse kapena kuvomera.

Magalimoto ang'onoang'ono ambiri omwe adzaza m'misewu ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu alibe timing belt n'komwe. Toyota Sienta, Probox ndi Axio za injini ya 1NZ-FE, Vitz ndi Passo za 1KR-FE, Honda Fit, Nissan Tiida ndi Note za HR15DE, zonsezi zimagwiritsa ntchito tcheni chachitsulo chomwe chili mkati mwa injini, mu oyilo. Pampu yake imayendetsedwa ndi lamba wakunja, yemwe timamutcha fan belt, ndipo imasinthika payokha. Toyota Aqua ndi Prius ya kuyambira 2009 zili ndi pampu yoyendera magetsi. Wina akakuuzani kuti Sienta yanu yakwana nthawi yosintha timing belt, mufunseni akuonetseni lambayo.

Gulu lachiwiri ndi la injini zomwe zili ndi timing belt koma pampu ili panja pake. Ma Hilux ndi ma Hiace adizilo a 1KD ndi 2KD ali chonchi: lamba wake ndi wamfupi, amangokweza mphamvu kupita ku camshaft, pomwe pampu imayendera fan belt. Pa magalimoto amenewa pamayaka nyali yolembedwa T-BELT makilomita osinthira lamba akakwana. Nyaliyo siona lamba, imangowerenga makilomita, choncho ikhoza kuzimitsidwa lamba osasinthidwa. Corolla zakale za 4A-FE ndi 5A-FE nazonso pampu yake imayendera lamba wakunja.

Gulu lachitatu, la injini zomwe pampu yake imayendetsedwa ndi timing belt, ndiye lomwe nkhaniyi ikulikhudza mwachindunji. Muli Toyota 3S-FE ya mu Noah, Ipsum ndi RAV4 zakale, 5S-FE ya mu Camry, 1MZ-FE ya mu Harrier, 2UZ-FE ya mu Land Cruiser 100 yapetulo, Honda D15B ya mu Civic, injini za EJ za Subaru, ndi 1.9 TDI zambiri za Volkswagen. Pa zina mwa izi pampu ili ndi mano ndipo imalumana ndi lamba, monga pa Honda ndi TDI. Pa zina, monga Subaru, pulley yake ndi yosalala ndipo imakhudzidwa ndi msana wa lamba. Palinso injini zakale za Opel za mavalavu asanu ndi atatu, zomwe zili m'ma Corsa ochokera ku South Africa, pomwe pampu yeniyeniyo ndi yomwe imatembenuzidwa pokunga lamba. Pamenepo kungoigwedeza kokha kumasokoneza labala yemwe wakhala akutchinga madzi kwa zaka.

Yakale ikhale, kapena ibwere yatsopano?

Anthu amakamba ngati njira zilipo ziwiri, koma zilipo zitatu: kusiya pampu yakale osaikhudza, kuichotsa n'kuibwezeranso, kapena kuika yatsopano.

Osintha amati pampu ndi lamba zayenda ulendo umodzi. Ngati lamba watha makilomita 100,000, bearing ya pampu yazungulira mtunda womwewo, ndipo tsopano ikupemphedwa kupirira ena 100,000 mpaka tsiku lomwe chivundikiro chidzatsegulidwenso. Amakaniko ambiri amaonanso kuti lamba watsopano amakoka mwamphamvu kuposa wakale wotopa uja, moti bearing yomwe inazolowera kukoka kofooka imayamba kulira kapena kuchucha posakhalitsa. Pa injini ya interference, mtengo wa pampu ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa mavalavu, gasiketi ndi kukonzetsa hedi.

Osiya nawonso ali ndi mfundo zomveka. Pampu yomwe inabwera ndi galimoto kuchokera kufakitale nthawi zambiri imakhala yolimba. Za Toyota zambiri zimapangidwa ndi kampani ya Aisin. Kuichotsa ili bwinobwino n'kuikapo yotchipa yosadziwika komwe inachokera kungakhale kubwerera m'mbuyo. Pamsika wa masipeya pali zabwino, pali zapakati, palinso zachinyengo zoikidwa m'mabokosi okongola, ndipo maso okha sasiyanitsa nthawi zonse. Komanso ngati pampu inasinthidwa posachedwa, ndipo lero lamba wachotsedwa pa chifukwa china monga kusintha seal ya oyilo, palibe chifukwa champhamvu choitayira.

Chomwe chimathandiza kusankha ndi kuyeza pampuyo lamba atachoka. Makaniko amaizunguliza ndi dzanja: iyenera kuyenda mosalala, mogwira pang'ono, osati kumveka ngati muli mchenga kapena kuthamanga yokha mopepuka kwambiri. Amaigwedeza uku ndi uku kuti amve ngati pali mpata. Amaunika pakabowo kaja. Madontho akauma amasiya chikhungu choyera, chofiirira kapena chobiriwira malinga ndi mtundu wa madzi omwe anali mkati, ndipo mzere wotere wotsika kuchokera pakabowo ndi umboni wakuti seal yayamba kugonja. Mwini galimoto ali ndi ufulu wopempha kuti aone ndi kugwira yekha. Kuyeza kumeneku kumanena za lero lokha, sikulonjeza za zaka zinayi zikubwerazo, koma kumachotsa kukangana kwa m'malere.

Mbiri ya galimoto imathandizanso. Magalimoto ochokera ku Japan nthawi zambiri amabwera ndi kasitika pachivundikiro cha lamba kapena penapake pansi pa boneti, kosonyeza tsiku ndi makilomita pomwe lamba anasinthidwa. Chaka chimatha kulembedwa m'kawerengedwe ka kwawoko. Chikayamba ndi H, wonjezerani 1988, moti H25 ndi 2013. Chikayamba ndi R, wonjezerani 2018. Kasitikako kamanena za lamba, za pampu sikanena nthawi zonse.

Njira yachiwiri ija, yochotsa n'kubwezera pampu yomweyo, ili ndi lamulo limodzi lomwe mbali zonse zimagwirizana: gasiketi kapena O-ring yakale, yomwe imatchinga madzi pakati pa pampu ndi injini, sibwerera. Inafinyidwa kale, inauma m'maonekedwe a malo ake, ndipo siingatchingenso kachiwiri.

Kuika pampu pamalo pake

Kaya ndi yatsopano kapena yakale, pampu zambiri zomwe zimachucha ntchito itangotha zimachucha chifukwa cha kaikidwe. Gawo limeneli limaoneka lophweka, mabawuti ochepa basi, n'chifukwa chake ena amalithamangira kapena kulisiyira mnyamata wophunzira. Komatu apa ndi pofunika kudekha kuposa pena paliponse.

Ntchito imayamba injini itazizira, batire itamasulidwa, madzi atakhuthulidwa. Lamba asanachoke, crankshaft imazunguliridwa mpaka zizindikiro za pamagudumu zitalunjikana ndi za painjini. Kuyambira pamenepo palibe chozunguliza china mwachisawawa.

Mabawuti a pampu nthawi zambiri satalika mofanana. Bawuti yaitali ikalowa m'bowo lalifupi imagunda pansi n'kumveka ngati yalimba, pomwe pampuyo sinafinyike. Yaifupi ikalowa m'bowo lalitali imangogwira mano awiri atatu n'kuwazula. Amakaniko osamala amajambula pampu pakatoni, n'kumabaya bawuti iliyonse pamalo pake pomwe ikuchoka.

Pampu ikachoka, madzi otsala m'buloko amakhuthukira pansi, ndipo ayenera kupukutidwa pamagudumu onse lamba watsopano asanayandikire. Kenako pamabwera ntchito yotopetsa yoyeretsa nkhope ya injini pomwe pampu imakhala. Zotsalira za gasiketi yakale zimamatirira ngati zinamera pomwepo. Ziyenera kuchoka zonse, koma popanda kukanda chitsulo. Pa aluminiyamu, sikuludilaiva kapena tchizulo zimasiya mizere, ndipo mzere uliwonse ndi ngalande yomwe madzi adzaipeza akatentha. Chopalira chapulasitiki, kansalu ndi mankhwala ochotsa mafuta n'zokwanira. Mukayendetsa chala pamalopo musamve kokwera kapena kotsika. Mabowo a mabawuti nawonso aumitsidwe, chifukwa madzi otsekeredwa m'bowo amaletsa bawuti kufika pansi.

Pampu yatsopano isanalowe, iikidwe pambali pa yakale. Mabowo agwirizane, kutalika kwa pulley kufanane, mano akhale ofanana chiwerengero ndi maonekedwe, mapiko a impeller aloze mbali yomweyo. Injini za dzina limodzi zimatha kusiyana pampu malinga ndi chaka, ndipo kusiyana kwa mamilimita ochepa papulley n'kokwanira kuyendetsa lamba m'mphepete.

Zotchingira madzi zilipo zamitundu ingapo. Pali gasiketi yapepala, pali yachitsulo yokutidwa ndi labala wopyapyala, pali O-ring, mphete yalabala yomwe imakhala m'kangalande. Pa injini zochepa opanga amalamula mankhwala omata okha. Chizolowezi chofala m'magalaja ambiri n'chopaka silikoni wambiri mbali zonse ziwiri za chilichonse, poganiza kuti kuchulukitsa ndiye kutsimikiza. Zotsatira zake sizioneka tsiku lomwelo. Mabawuti akalimba, silikoni amafinyikira kunja ndi mkati momwe. Wamkatiyo amauma, n'kuthothoka, n'kuyenda ndi madzi mpaka kukatseka timapaipi ta radiyeta kapena kukakola pa seal ya pampu yatsopanoyo. Pa O-ring, silikoni amailepheretsa kukhala bwino m'malo mwake. O-ring imangofunika kunyowetsedwa ndi coolant, madzi amankhwala oziziritsa injini, kapena madzi asopo kuti iterere. Oyilo wa injini ndi girisi wamba zimaitupitsa. Pa 3S-FE ndi 5S-FE palinso O-ring ina pakapaipi kolowa kuseri kwa pampu, yomwe imaiwalika mosavuta chifukwa siioneka bwino, ndipo ikapinda polowetsa madzi amatsikira kumbuyo komwe munthu sangaganizire.

Pampu ikakhala pamalo pake, mabawuti onse amayamba kulowetsedwa ndi zala. Akagwira onse, amamangidwa pang'onopang'ono modumphadumpha, uyu kenako wa mbali inayo, kuti pampu itsike mofanana. Kumanga umodzi mpaka kumapeto ena ali omasuka kumapendeketsa thupi la pampu. Mlingo womaliza umafuna torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira. Timabawuti ta sipanala ya 10 nthawi zambiri timafuna pakati pa 8 ndi 12 Nm, mphamvu yochepa kwambiri poyerekeza ndi yomwe mkono wa munthu wamkulu umapereka osadziwa. Mlingo weniweni uli m'buku la injiniyo. Bawuti yothyokera m'buloko imasandutsa ntchito ya theka la tsiku kukhala ya masiku angapo.

Pali chinthu chimodzi chomwe ndimaona kuti chikanachitika paliponse chikanapulumutsa anthu ambiri: kuthira madzi lamba asanaikidwe. Pampu ili poyera, mapaipi abwezeredwa, thirani coolant mpaka kudzaza, dikirani, unikani ndi tochi m'mphepete monse. Amene ali ndi kapampu koyezera mphamvu angaike pakamwa pa radiyeta n'kuona ngati singano ikutsika. Dontho likaoneka pano, kukonza kwake ndi kwa mphindi zochepa. Likaoneka zonse zitatsekedwa, ndiye kumasulanso kuyambira kutayala. Pamenepanso ndi pomwe pampu yatsopano imazunguliridwa ndi dzanja kangapo, kuti madzi alowe pakati pa nkhope ziwiri za seal. Kuizunguliza kwambiri ili youma, monga amachitira ena poiyesa m'shopu, kumakanda nkhopezo isanayambe n'komwe ntchito.

Lamba abwerere

Pampu ikatsimikizika, otsala ndi anzake a panjira yomweyo. Tensioner ndi chipangizo chokunga lamba, ma idler ndi magudumu omutsogolera. Onse ali ndi ma bearing a msinkhu umodzi ndi pampu, n'chifukwa chake masipeyawa amagulitsidwa ngati kiti. Seal za oyilo za camshaft ndi crankshaft zili pomwepo, ndipo ngati zikuchita thukuta, ino ndiyo nthawi yake, poti oyilo amawononga lamba mofanana ndi madzi.

Lamba watsopano sapindidwa mwamphamvu kapena kukanikiziridwa ndi chitsulo, chifukwa ulusi wamkati ukathyoka sizioneka kunja. Ngati ali ndi mivi, iloze komwe injini imazungulirira. Tensioner yokhala ndi oyilo mkati, ngati ikubwerera yakale, imafinyidwa pang'onopang'ono kwambiri n'kutsekedwa ndi kapini, komwe kamazulidwa zonse zikakhala m'malo.

Kenako crankshaft imazunguliridwa ndi sipanala kawiri kathunthu, kulowera komwe injini imayendera. Injini zambiri zimayenda motsata wotchi, koma za Honda zakale monga D15B zimayenda mobwerera. Zizindikiro zonse ziyenera kubwerera pomwe zinali. Sipanala ikagunda penapake n'kukana, osakakamiza: mwina pisitoni yakumana ndi valavu, ndipo dzanja limamva zomwe sitata singamve. Kuphonya dzino limodzi lokha kumachititsa galimoto kufooka, kudya mafuta kapena kuyatsa nyali ya injini. Bawuti yaikulu ya crankshaft, mosiyana ndi timabawuti ta pampu, imafuna mphamvu yopitirira 100 Nm, ndipo nayonso ili ndi mlingo wake.

Madzi ake ndi mpweya wobisala

Moyo wa pampu umadalira kwambiri zomwe ikupopa. Coolant ndi madzi osakaniza ndi mankhwala otchedwa ethylene glycol pamodzi ndi zoteteza dzimbiri, nthawi zambiri theka ndi theka. Ambiri kuno amati poti kulibe chisanu choumitsa madzi, a pampopi kapena a pamjigo ndi okwanira. N'zoona kuti madzi okha amanyamula kutentha bwino. Chomwe alibe ndi chitetezo. Amadya impeller mpaka mapiko kutha, amasiya miyala m'tinjira, ndipo tizidutswa ta dzimbiri timakanda seal. Pampu yatsopano yoikidwa m'madzi ofiira adzimbiri imayamba moyo wake ikumwa mchenga. N'chifukwa chake madzi akale akakhala akuda, njira yonse imatsukidwa pampu yakale isanachoke. Mitundu ya coolant isasakanizidwe mwachisawawa, ndipo mtundu wooneka ndi maso si umboni wokwanira wa zomwe zili m'botolo.

Kuwira nakonso kuli ndi masamu ake. Madzi amawira pa madigiri 100 m'mphepete mwa nyanja yamchere, koma ku Lilongwe, komwe kuli pamtunda wa mamita oposa 1,000, amawira pafupifupi pa 97. Chivundikiro cha radiyeta chimasunga mphamvu ya pafupifupi 0.9 mpaka 1.1 bar, yomwe imakweza malire amenewa kupitirira madigiri 115. Pamalo pochucha, ngakhale pang'ono, mphamvuyo imathawa. Galimoto yotere ikhoza kuyenda bwino m'tauni, n'kukawira pachikweza cha Chiweta kapena pokwera kuchokera ku Chikwawa mwezi wa Okutobala.

Madzi akathiridwa m'injini yomwe inakhuthulidwa, mpweya umatsalira m'makona. Impeller ikakumana ndi mpweya imangozungulira osakankha kanthu, ndipo mbali ina ya hedi imatha kupsa singano ya padashibodi ikuoneka ngati ili bwino. Pochotsa mpweya, hita imaikidwa potentha kwambiri, injini n'kulizidwa chivundikiro cha radiyeta chili chotsegula kuyambira ili yozizira, ndipo madzi amawonjezeredwa pomwe thovu likutuluka. Thermostat, kavalavu kotsegulira madzi njira ya ku radiyeta, pa Toyota zambiri imayamba kutseguka cha m'ma madigiri 82. Ikatseguka madzi amatsika mwadzidzidzi, paipi yomwe inali yozizira n'kutentha. Amadikira mpaka fani italira n'kuzima. Injini zina zili ndi kabawuti kotulutsira mpweya pamwamba. Hita ikamatulutsa mphepo yozizira injini ili yotentha, mpweya ukadalimo.

Chivundikiro cha radiyeta sichitsegulidwa injini ili yotentha; madzi ake amatuluka mwamphamvu ndipo amawotcha koopsa. Coolant wakale asasiyidwe m'beseni poyera kapena m'botolo la chakumwa. Amatsekemera, ndipo ndi poizoni kwa ana, agalu ndi ziweto.

Masiku oyamba galimoto itatuluka

Pampu yatsopano imatha kutulutsa timadontho tochepa pakabowo kaja poyambirira, seal ikamakhazikika, kenako n'kusiya. Madzi amathanso kutsika pang'ono m'mawa wotsatira chifukwa cha mpweya womaliza womwe watuluka. Choncho kwa masiku angapo ndi bwino kuona mlingo m'mawa injini isanalizidwe, mu radiyeta momwe osati m'kabotolo kam'mbali mokha, ndi kuyang'ana pansi pomwe galimoto inagona.

Khutu nalonso ligwire ntchito. Kulira kopyapyala kokwera ndi kutsika limodzi ndi injini, kochokera kuchivundikiro, nthawi zambiri kumatanthauza kuti lamba wakungika mopitirira, ndipo kukunga kotere kumapha bearing ya pampu msanga. Kugogoda kapena kukhula ndi chizindikiro chakuti lamba ndi womasuka kapena akukhudza chivundikiro.

Madzi akamatsika tsiku ndi tsiku, kapena mukaona chinyezi kunsi kwa chivundikiro cha lamba, galimoto ibwerere kugalaja osadikira mapeto a mwezi. Pokonzapo makaniko ayang'anenso lambayo. Ngati wanyowa ndi coolant kwa masiku, opanga malamba amalangiza kuti asinthidwe ngakhale ali watsopano, ndipo za amene alipire lamba wachiwiriyo ndi bwino kugwirizana ntchito yoyamba isanayambe.